Kabokosi ka Msuweni Wanga

Msuweni wanga uja ndinamukayikira tsiku lomwe anafika. Anabadwira ku Joni, mwana wa malume anga amene anatchona kumigodi mpaka kufera komweko. Anatulukira kwathu ku Lizulu pa chigalimoto cha matayala ngati a thirakitala, Chichewa chake chopotoka, n'kundipempha kuti ndimuperekeze kumunsi kwa Kasinje, kumene makolo athu anachokera. Akuti tikagone mu tenti kutchire. Munthu wa ndalama zake kugona patchire ngati wootcha makala? Ndinati apa pali kanthu.

Chimene chinkandidya mumtima ndi kabokosi kamene anakamanga ndi lamba kumpando wakumbuyo. Pabampu paliponse ankacheuka kukayang'ana. Nditafunsa, anangoti ndikaona tikafika.

Titasiya msewu waukulu tinalowa kanjira ka ngolo, mchenga wokhawokha. Anatsika n'kuphwetsako matayala dala, akuti galimoto isatitimire. Inatitimirabe, pafupi ndi msitu wowirira. Kwathu kuno mitengo ikatsala yowirira choncho, ngakhale mwana amadziwa kuti ndi manda. Ndinamuuza. Iye anati, "Ndikudziwa," n'kutulutsa fosholo ndi tenti.

Mlendo, fosholo, bokosi, pambali pa manda! Dzuwa lisanapendeke anthu anali atatizungulira, ena ndi zibonga, wina ndi chigubu cha petulo. Mawu oti anamapopa ndinawamva kangapo.

"Tsegulani bokosilo," anatero bambo wina wa chikwanje m'manja.

Ine ndinalalata kuposa iwo. "Tsegula, msuweni! Nanenso ndione chimene wandiyendetsera."

Anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anatsegula. Munali chipewa cha kumgodi ndi botolo la dothi lofiira.

"Dothi la pamanda a bambo," anatero. "Anati ndidzawabweretse pafupi ndi amayi awo. Ndimati ndigone pano, mawa ndikagwade kwa eni mudzi."

Anatchula mfunda ndi dzina la agogo athu. Mayi wina anaponya pansi mtolo wa nkhuni n'kuyamba kulira maliro. Azibambo aja anataya zibonga n'kuyamba kukankha galimoto.

M'mawa mwake, tikulowa kumanda ndi adzukulu, msuweni ananyamula chipewa chija yekha. Ndinatambasula manja kuti ndilandire botolo, poti malemuwo anali malume anga. Analipereka kwa bambo wa chikwanje uja.