Sutikesi ya Alinafe

Ndinaganiza zochoka tsiku limene mabelo athu a fodya anabwezedwanso ku okushoni. Ndinali nditamaliza koleji ya zaulimi, koma satifiketi inkangogona m'sutikesi, ine ndili m'chigafa ku Njombwa, kusoka fodya ngati tenanti. Ndinali mkamwini. Munda unali wakuchikazi, nyumba inali pamalo akuchikazi, ndipo alamu anga a Laisoni, achimwene ake a mkazi wanga, sankatopa kundikumbutsa zimenezo.

"Aphunzitsi," ankatero, "ku kolejiko anakuphunzitsaninso kuti fodya amawola?"

Mkazi wanga Alinafe sanandiletse. Anangoti, "Pitani ku Joniko. Koma mvula ikadzagwa kachiwiri ndidakali kuno, mudzandipeza ndakwatiwa ndi tenanti weniweni." Anaseka, nanenso ndinaseka.

Ku Kepitawuni ndinayamba ndi kutchetcha kapinga m'nyumba za azungu. Kenako ndinapeza ntchito yogulitsa m'kashopu ka munthu wina wobwera ngati ine, m'dera la nyumba zamalata. Kutsogolo kunali shopu, kumbuyo kachipinda kanga. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo kumudzi zinkasanduka feteleza, malata ndi njinga ya a Laisoni. Pafoni ndinkati zonse zili bwino. Sindinkanena kuti ndikatseka shopu ndinkakhala ndekha kumvetsera mfuti zikulira kutali, kapena kuti masiku ena ndinkatha tsiku lonse osalankhula Chichewa ndi munthu.

Alinafe anabwera chaka chotsatira pabasi, ndi sutikesi yanga yakale ija. Pansi pa zovala zonse anaika zimene ankazisamala koposa: bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera, yunifolomu ya amayi a mpingo. Anali atavekedwa ine kulibe, pamodzi ndi anzake, mayi ake akuyang'ana. Lamulungu lililonse Amalawi tinkasonkhana m'galaja ina, iye n'kuvala zoyera zakezo, n'kudutsa nazo m'matope a m'deralo osadetsa ngakhale mpendero.

Anyamata a m'deralo anabwera Loweruka lina m'mawa, dzuwa likuwala. Ndinamva kaye phokoso kumsewu, kenako magalasi akusweka pashopu ina. Ndinathamangira kukatseka chitseko chachitsulo koma anali atafika kale, ena ndi zikwanje, ena ndi nyundo, wina ndi chigubu cha petulo. Ankakuwa kuti alendo abwerere kwawo. Wina mwa iwo ankagula buledi kwa ine tsiku ndi tsiku. Ameneyo ndi amene anandimenya ndi chitsulo m'mutu. Nditagwa, ndinaona mapazi a Alinafe akutuluka kuchipinda. Ankachapa, manja ake anali ndi thovu. Sanathawire kukhomo lakumbuyo. Anabwera kwa ine. Anamubaya pakhosi, ndipo anagwera pamiyendo yanga. Zimene zinatsatira sindizilemba.

Ndinatsitsimukira m'chipatala atandisoka m'mutu. Anzathu a kagulu ka maliro, kamene tinkasonkherako mwezi uliwonse, anayendetsa mapepala onse. Madokotala anakana kunditulutsa msanga, choncho bokosi linanyamuka pamsewu, pakangolo kokokedwa ndi galimoto, ine ndidakali pabedi.

Ndili m'chipatalamo foni inalira. Anali apongozi anga aakazi. Chikwatirire mwana wawo tinali tisanalankhulanepo maso ndi maso. Tikakumana panjira ankapatukira kutchire, nane n'kupatukira mbali ina, monga mwa mwambo. Mawu awo ndinkawamva kudzera mwa Alinafe.

"Bambo," anatero, "mwana wanga anavekedwa. Asalowe m'manda ngati munthu wopanda mpingo. Zovala zake zija mubwere nazo."

"Ndibwera nazo, amayi."

Anadula foni.

Nditatuluka ndinapeza shopu ili phulusa, koma kachipinda kakumbuyo moto sunakafike. Sutikesi inali pansi pa bedi. Ndinalongedzamo za Alinafe zonse: nsapato, bulangete, foni, zitenje. Yunifolomu ndinaiyala pakati kuti isakwinyike. Kuti ndipeze maliro asanaikidwe, njira inali ya ndege yokha.

Tikiti imodzi yochokera ku Kepitawuni mpaka ku Lilongwe inali yodula kuposa zimene ndinali nazo. Pafoni ndinapeza njira yotsika mtengo: matikiti awiri, a makampani awiri osiyana, ina yokafika ku Johanesibegi, ina yochoka kumeneko kupita kwathu. Pakati panali mpata umene ndinauona ngati wokwanira. Pabwalo la ndege, mayi wa pakauntala atalandira sutikesi anandiyang'ana bandeji n'kundiuza pang'onopang'ono kuti katundu wanga athera ku Johanesibegi. Ndikafika ndikamutenge ndekha pa lamba wozungulira wotulutsa katundu, ndituluke naye, ndipite mbali ya ndege zopita kunja, ndikamuperekenso kwa kampani inayo. Makampani awiriwo, anatero, sadziwana. Ndege yoyamba ikachedwa, yachiwiri siidikira, ndipo tikiti imafa. Ndinagwedeza mutu. Ndinamvetsa zonse.

Ndege yoyamba inachedwa kunyamuka. Titatera ndinathamangira pa lamba. Anali chiimire. Anthu ankacheza, ana ankasewera ndi tingolo. Ndinathamanga ulendo wautali wa m'makonde kukafika pakauntala ya kampani yachiwiri, n'kumupempha mnyamata wa pamenepo kuti andidikire pang'ono, kapena atumize munthu akanditengere sutikesi.

"Katundu ameneyo sali m'manja mwathu," anatero mwaulemu. "Titseka posachedwa. Mukwera kapena simukwera?"

Ndinatenga chikalata chokwerera, n'kubwereranso chothamanga. Anandilola kulowanso nditaonetsa kapepala ka katundu. Lamba anali atayamba kuzungulira, koma akutulutsa za ndege ina. Kudzera m'mipata ya malabala amene amatchinga pobowoka khoma, ndinaona ngolo itaima panja, ndipo pamwamba pake panali sutikesi yanga yofiirira, yomangidwa ndi chingwe chabuluu. Ndinakwera pa lamba n'kulowetsa mutu ndi mapewa pabowopo.

Alonda anandikoka miyendo. Chibwano chinamenya chitsulo, dzino linathyoka. Anandigwetsa chafufumimba, wina n'kundiponda ndi bondo pamsana, wina akupinda mkono wanga mpaka phewa linalira. Ndinaona magazi anga pamatailosi oyera, ndi nsapato za anthu zikubwerera m'mbuyo. Sindinakuwe. Ndinkangonena m'Chichewa kuti zovala za mkazi wanga zili apo. Wamkulu wawo anapisa m'thumba langa, napeza chikalata cha imfa. Anachiwerenga, nauza anzakewo kuti andisiye.

"Ukadikira sutikesi, ndege ikusiya," anatero. "Sankha."

Ndalama ya tikiti ina ndinalibe. Bokosi linali litadutsa kale pachipata cha Dedza. Ndinathamangira ku ndege chimanjamanja.

Ndinafika ku Njombwa masana, pakabaza. Minda inali zitsa za fodya zokhazokha, kudambo anthu atasiya zitini zothirira nazale. Nyimbo ndinazimvera patali. Bokosi linali litafika m'mawa, adzukulu atamaliza kukumba, ndipo amayi a mpingo anali m'nyumba ya siwa kudikira zovala kuti amuveke.

A Laisoni anandichingamira pafupi ndi chigafa. Anayang'ana manja anga, kenako kumbuyo kwa kabaza.

"Katundu ali kuti, alamu?"

"Watsala pabwalo la ndege."

"Watsala bwanji? Ndege inali yodzaza?"

Ndinayamba kufotokoza za matikiti awiri, za makampani osadziwana, za lamba. Ndikudzimva ndekha, ndinazindikira mmene zinkamvekera pamalo amenewo.

"Mlongo wanga mwatitumizira m'bokosi ngati belo," anatero motsitsa mawu. "Inu mwabwera pandege. Katundu mwabisa kwanu ku Santhe. Ndiye mukutiphunzitsa za matikiti, aphunzitsi?"

Anazula mtengo pachigafa. Woyamba unandipeza m'nthiti, wachiwiri pamutu, pomwe anandisoka. Ulusi unaduka, magazi n'kutsikira m'maso. Ndinagwada, kenako ndinagwa. Sindinatchinge. Amuna amene anakhala pansi pa mtengo wa mango anaimirira, koma palibe anafulumira. Nyimbo ya m'nyumba inaduka pakati.

Kenako ndinamva thupi la munthu likundiphimba. Linkanunkha utsi ndi sopo. Anali apongozi anga. Mayi amene kwa zaka zonsezo sanayandikirepo mthunzi wanga anagona pamsana panga, manja awo atagwira mutu wanga, ndipo mtengo wotsatira unagwera paphewa pawo.

"Laisoni," anatero, osakweza mawu, "m'modzi wakwana."

Anadzuka, napita kunyumba kwawo akugwira phewa. Anabwerako ndi kamtolo kokulunga m'chitenje, n'kukapereka kwa amayi a m'siwa. Alinafe anaikidwa madzulo a tsiku lomwelo atavala bulauzi, siketi ndi duku la mayi ake.

Ndinakhala pamudzipo kudikira tsiku londisudzula. Nthiti zinkandiletsa kugona chammbali. Tsiku ndi tsiku ndinkakwera pachulu pomwe foni imagwira, kuimbira makampani aja. Yoyamba inkati ntchito yake inathera ku Johanesibegi, mwini katundu akatenge yekha. Yachiwiri inkati sinalandirepo kanthu kwa ine. Onse ankanena zoona. Lamulungu ndinkaona apongozi akupita kutchalitchi atavala chitenje wamba. Ankakhala kumbuyo, kuseri kwa mizere ya amayi ovala zoyera, mizere imene anakhalamo kuyambira ine ndisanabadwe. Sanadandaule. Yunifolomu ina akanasoketsa, koma fodya wa chaka chimenecho sanabweze kanthu, ndipo zanga anakana kulandira.

Pomaliza Mmalawi wina woyendetsa thiraki, mnzathu wa kagulu ka maliro kaja, anapita ndi mapepala anga kukaitenga sutikesi kumene amasunga katundu wopanda mwini. Anandisiyira pamsewu waukulu. Loko anali wothyoka, m'mbali mong'ambidwa ndi mpeni kuchokera pamwamba mpaka pansi. Foni, nsapato ndi bulangete munalibe. Sindikudziwa kuti zinatuluka pati pa ulendo wonsewo. Koma amene anapisamo sanaone phindu la bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku. Zinali momwe ndinaziyalira, zikununkhabe utsi wa shopu ija.

Sindinatume munthu. Ndinapita ndekha pakhomo pa apongozi, ndinagwada, n'kupereka ndi manja awiri. Anazilandira, nazifunyulula, nakhala nthawi akuyang'ana kolala, pomwe Alinafe anasoka yekha ndi ulusi wosiyana pang'ono.

"Mwabwera nazo, bambo," anatero.

Sutikesi ndinaisiya pakhonde. M'mawa mwake ndinapeza a Laisoni ataikhazika pamiyendo, akuisoka ndi singano yaikulu ya mabelo. Sanandiyang'ane. Anangoti, "Chingwe ichi n'cholimba, sichiduka," n'kupitiriza.

Anandisudzula Loweruka lotsatira. Akuluakulu anati ndine mfulu, ndibwerere kwathu ku Santhe, ndikapeza mkazi wina ndikwatire. Tinalibe mwana, choncho panalibe chondimanga pamudzi umene ndinauthawa chifukwa sunali wanga. Ndinalongedza zovala zanga m'sutikesi yosokedwayo, n'kunena kuti ndinyamuka mawa mapemphero akatha.

Lamulungu belu litalira ndinatsatira anthu panjira ya pakati pa minda. Patsogolo panga pankayenda mayi wovala zoyera. Bulauzi inali yaikulu pang'ono m'mapewa, ndipo phewa lamanzere linali lotsika, lija linalandira mtengo. Kolala ndinaidziwa. Atamva mapazi anga anacheuka. Panali kanjira kolowera kutchire pomwepo, ndipo ndinaima kuti apatuke. Sanapatuke. Anasendera pang'ono m'mbali mwa njira, kundisiyira malo.

"Tiyeni, bambo," anatero. "Tichedwa."