Kamfundo ka m'khosi mwa sikipa

Wometa tsitsi wa pakhonde la sitolo ya zitsulo anthu ankamutchula kuti Apakhosi, ndipo dzinalo silinali laulemu ayi. Munthu akakhala pampando, iye asanamufunditse nsalu, ankayamba wapinda khosi la sikipa ya munthuyo n'kusisita mkati mwake ndi chala chachikulu.

"Madala, mukufuna nsabwe kodi? Ine ndimasamba," ankatero anyamata.

Iye ankangoti, "Weramani," n'kuyatsa makina.

Chimene ankafunafuna sanauzeko munthu. Mkazi wake ankagwira ntchito pafakitale yosoka masikipa, ija ya kuseri kwa njanji, imene lero amasungiramo matumba a simenti. Masikipa akumeneko anali opanda cholemba chilichonse: oyera, akuda, otuwa, basi. Thonje lake linali lolimidwa m'dziko mwathu momwemuno, nsalu yake yochindikala, yoti uchape mpaka manja atope koma osatamuka. Ntchito ya mayiyo inali kulumikiza makosi. Pomaliza msoko, kumbuyo chakumanzere, ankabwereza singano pamalo amodzi mpaka pankatsala kamfundo kangati njere ya mpunga. Kapitawo ankamukalipira kuti akuwononga ulusi, koma iye sanasiye, poti sikipa imayambira pakhosi kutha. Kunyumba ankaseka nazo. "Bambo, ndikadzakuthawani mudzandifune m'makosi mwa anthu."

Kenako misika inadzaza ndi kaunjika ndi masikipa otchipa ochokera kunja. Fakitale inatsekedwa, mayiyo anadwala, anapita. Wometa anatsala ndi sikipa imodzi yoyera ya manja a mkazi wake. Anaivala mpaka inapyapyala ngati sefa. Tsiku lina mwana wake wamkazi akuchapa, khosi linathothoka lonse n'kupita ndi madzi m'ngalande. Mwanayo analira, bambo ake n'kumutonthoza kuti ndi chisanza chabe, pamene iwo mumtima munali mutagwa maliro achiwiri.

Kuyambira pamenepo, tsiku lopuma ankalithera m'masitolo ndi m'misika.

"Muli ndi sikipa yopanda zolemba, yosokedwa konkuno?"

"Yakonkuno? Agogo, kuno timapanga ana basi, zina zonse n'zobwera," anamuyankha mtsikana wina wogulitsa, anzake n'kufa nazo.

Ankamutulutsira za akambuku pachifuwa, za matimu ampira, za mawu oti ngakhale wogulitsayo sadziwa tanthauzo lake. Yopanda zolemba ikapezeka inali yoti ukaiyang'anitsa padzuwa ukuona munthu wa kutsidya kwa msewu. Anavundula milu ya kaunjika mpaka fumbi lake linamupatsa chifuwa. Zaka zinapita, maso anayamba kuchita chidima, makasitomala ambiri anasamukira kwa anyamata ometa mokweza nyimbo. Iye anatsala ndi okalamba anzake ndi chala chake chija.

Masana ena kunabwera dalaivala wa lole, bambo wamimba, woseka mokweza. Anavala sikipa yotuwa, yakalekale, yamadontho a oyilo. Wometa anapinda khosi mwachizolowezi, osayembekezera kanthu. Kumbuyo chakumanzere chala chinagunda kamfundo.

Anasisitanso. Kanali komweko, kolimba bwinobwino, ngati kasokedwa dzulo.

"Bwanji madala, mwapeza chiyani?" anafunsa dalaivala.

Apa mpamene pankafunika kungotsegula pakamwa n'kunena kuti, achimwene, sikipa iyi anasoka ndi malemu mkazi wanga, ndipatseni. Ndani akanakana? Koma bambo wamkulu, imvi mbuu, apemphe chovala cha thukuta cha mwamuna mnzake, pakhonde, anthu akumva? Manyazi anapha lambe.

"Sikipa yanuyi ndi yakale ndithu," anatero wometa. "Ndakhala ndikufuna yotere. Yopanda zolemba."

"Imeneyi? Ndinaipeza m'sutikesi ya malemu achimwene anga. Musadandaule madala, ndikabwera ulendo uno ndikuonani."

Wometa anamumeta pang'onopang'ono kuposa munthu wina aliyense, kuti khosilo likhalitse pafupi ndi dzanja lake. Masiku otsatira ankasesa pakhonde akuimba. Anauza mwana wake kuti amayi ako apezeka, ndipo mwanayo anamuyang'ana mwamantha.

Lole inaimadi tsiku lina m'mawa. Dalaivala anatsika atavala malaya a mabatani, m'manja muli kapulasitiki konyezimira.

"Madala, nayi! Yatsopano, yoyera, yopanda zolemba. Ndaigula kunja kwenikweni, osati zathu zakunozi."

Wometa anayang'ana pulasitikiyo, kenako khosi la dalaivala.

"Nanga ija munavala tsiku lija?"

"Chisanza chija? Nditawauza mayi akunyumba kuti mpaka wometa waona kuti n'chakale, anachita manyazi. Akuti ndikuwayalutsa, anthu aziti sandisamala. Anachiponya pamoto pamodzi ndi zinyalala tsiku lomwelo." Anaseka mpaka mimba kugwedezeka. "Mwandithandiza, madala. Chinandikakamira chimene chija, sichinkatha."

Wometa analandira mphatsoyo ndi manja awiri, nathokoza monga munthu woleredwa bwino. Lole itapita anang'amba pulasitiki, napinda khosi la sikipa yatsopanoyo. Munali mosalala kuyambira uku mpaka uko. Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'kabati, pansi pa malezala.

Panabwera kasitomala wake wakale, mlonda wa pasitolopo, nakhala pampando. Wometa anakutumula nsalu, namufunditsa, namanga kumbuyo.

"Lero simusecha, Apakhosi?" anafunsa mlondayo.

"Weramani," anatero wometa.