Ulusi m'Chidendene

Amayi anali ndi singano imodzi imene ankaibaya pa duku lawo. Inali yopindika pang'ono, yakuda kunsonga chifukwa cha moto. Mpaka lero ndikaona singano, ngakhale ya telala pamsika, zidendene zanga zimayabwa.

Chilimwe chimenecho ndinali nditakula kale. Anzanga ankawerengera makolo awo makalata, ine ndinkangodziwa mbuzi za ku Chapananga ndi mayina ake. Amalume, amene ankadula nzimbe ku esiteti, anatumiza uthenga kuti ndikakhale kwawo ndikayambe sukulu, koma tifike Lolemba, aphunzitsi asanatseke kaundula. Uthengawo unabwera ndi nsapato zansalu zoyera, zoyamba m'moyo wanga.

Malangizo a amalume anali omveka. Nsapato yatsopano uizoloweze pakhomo masiku angapo. Patsiku la ulendo udzole mafuta a nsatsi kumapazi, ukulunge nsanza kuchidendene. Ine ndinavomera ndi pakamwa pokha. Ndinkafuna kuti nsapatozo zikafike zili mbuu, aphunzitsi asakaone woweta mbuzi. Ndinazipachika kudenga, ndipo m'mawa wa ulendo mafuta ndinangopaka m'miyendo kuti amayi aone kunyezimira. Bodza langa loyamba la kusukulu ndinalinena ndisanaone ndi khomo lake lomwe.

Tinanyamuka awiri. Amayi anasenza mapira a amalume, khadi la chipani atalimangira pangodya ya chitenje poopa anyamata a panjira. Anavala nkhwaila zawo za matayala. Dzuwa lisanafike pamutu, zidendene zinayamba kutentha ngati ndaponda khala. Kenako ndinamva kunyowa m'nsapato, koma ndinangoluma mano.

Pamchenga wa mtsinje wa Mwanza, umene unali utauma gwa, amayi anatula mtolo. "Iwe, ukuyenda ngati bakha bwanji? Vula." Matuza anali anayi, limodzi litaphulika kale. Ananunkhiza phazi langa, osamva nsatsi, nandiyang'ana nthawi yaitali. Sanandikalipire. Zikanakhala bwino akanandimenya.

Anayatsa machesi, nawotcha singano, nasolola ulusi m'mphepete mwa chitenje. Anabaya thuza mbali imodzi, singano n'kutulukira mbali ina, ulusi n'kuusiya momwemo kuti madzi azitsika pang'onopang'ono. Ndinafuna kusenda khungu lofalo, anandimenya dzanja. "Usachotse. Limeneli ndi denga la chilonda." Anatsuka ndi madzi athu akumwa, amene anali ochepa kale, nang'amba chitenje n'kundimanga.

Nsapato sizinalowenso. Pamenepo anavula nkhwaila zawo n'kundiponyera. Ndinafunsa kuti nanga iwo? Anaseka. "Mapazi anga anayenda kuchokera kutsidya la malire ndili kamtsikana. Awa sapsa, mwananga."

Ndinakhulupirira chifukwa zinandikomera kukhulupirira. Amene anapondapo dothi la kuchigwa mu Okutobala akudziwa kuti ngakhale galu amayenda mothamangira mithunzi. Amayi anayenda pamenepo tsiku ndi theka, mtolo uli pamutu. Tikapuma pansi pa mlambe ankabisa mapazi m'chitenje, n'kumandifunsa ngati ulusi ukukoka madzi.

Tinafika Lolemba kaundula akadali wotsekula. Aphunzitsi anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kunsanza za kumapazi. "Mwabweretsa mwana kapena mkamwini?" Ana anaseka, koma dzina analemba. Amayi anagwada n'kuwomba m'manja, "Takhuta," kuthokoza mwa Chisena chawo.

Anabwerera m'mawa mwake chifukwa mbuzi zinalibe woyang'anira. Nkhwaila anandisiyira, poti zilonda zanga zinali zisanapole. Zinapola patatha sabata. Za kumapazi kwa amayi, amalume anadzandiuza ndili wamkulu, zinalowa dothi n'kutukusira. Dzinja lonselo analima chogwada, mapira anachepa, ndipo chidendene chakumanzere chinkatsekuka chilimwe chilichonse mpaka imfa yawo. Amayi sanandiuzepo. Inenso sindinawauze za mafuta aja, ngakhale ankadziwa. Ndaphunzira kulemba, ndalembera anthu makalata opepesa ambirimbiri, koma yanga sindinailembe.

M'mawa wobwerera uja ndinaima pakhomo pa amalume kuonerera amayi akupita. Ankayenda mopondera m'mbali mwa mapazi, akupendekera uku ndi uku. Ndinaseka kwambiri mpaka kuwaitana kuti abwerezenso. Anatembenuka, namwetulira, nakweza dzanja. Ine ndinkayesa akutsanzira kuyenda kwanga kwa bakha kuti ndisalire.