Dzenje la Verna Lachance

Ku Marten Crossing palibe mlendo amene amaima chifukwa chokonda tauniyo. Msewu wopita ku Alaska umangoidula pakati n'kumapitirira, ndipo munthu akakhota pano ndiye kuti china chamuthera kapena china chamudzadzira. Chomuthera ndi mafuta. Chomudzadzira ndi chimene chinadyetsa Verna Lachance kwa zaka zambiri.

Verna anafika kuno ali mtsikana, m'thiraki ya mwamuna wina amene anamulonjeza ukwati akakafika ku Fairbanks. Anatsika kuti akamugulire fodya mwamunayo, ndipo potuluka m'sitolo anangoona fumbi. Sanalire. Analowanso m'sitolomo n'kufunsa ngati akufuna wotsuka mbale. Anaphikirapo anthu okonza msewu, kenako anakwatiwa ndi Orest, makaniko wouma pakamwa, yemwe anali ndi pampu ya mafuta pa msewu wakale, kuseri kwa kaphiri. Msewu watsopano utadutsa kutsogolo kwa kaphiriko, pakhomo pawo panangoti zii. Orest anadikira kuti nyengo yozizira youmitsa nthaka ithe. Nthaka itafewa anakumba chidzenje kuseri kwa shedi, anakwiriramo thanki, n'kusiya kukamwa kwa paipi pamwamba, kovundikira ndi chitsulo. Kenako anatenga penti yofiira, analemba chikwangwani n'kukachizika polowera m'tauni: POTAYIRA ZAM'CHIMBUDZI, KHOTANI KUMANJA. Pa maliro ake anthu ankati amenewo ndiwo mawu ochuluka amene Orest ananenapo nthawi imodzi.

Chaka chilichonse nyengo yotentha ikafika, dzuwa la kumpoto kuno likayamba kukana kulowa ngakhale usiku, ankabwera. Nkhalamba zopuma pantchito zochokera kum'mwera, m'zimagalimoto zazitali ngati tchalitchi, zokhala ndi bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi momwemo. Verna ankawatcha akamba.

"Munthu wagulitsa nyumba yabwinobwino ya chimbudzi chogejemula," ankatero, "kuti aziyenda ndi manyi ake dziko lonse ngati akukawagulitsa. Ndiye akuti ndi ufulu umenewo."

Akambawo sankatchula chinthucho ndi dzina lake. Iwo amati madzi akuda. Bambo ankalowa m'kasitolo ka Verna, n'kuvula chipewa, kufunsa za zimbalangondo, kuyamikira mapiri, kenako n'kutsitsa mawu ngati ali pa siwa: "Mayi, kodi pano pangapezeke poti munthu n'kutsitsako madzi akuda?"

"Mukufuna kutaya manyi?" Verna ankayankha mokweza, kuti ndi amene akuthira mafuta panja amve. "Kuseri kwa shedi. Mukatsuke pansi mukamaliza, si kwanu kuno."

Bamboyo ankapita n'kukagwada ndi magolovesi ake, mayi atakhala m'galimoto ndi kagalu pamiyendo, maso ali kumapiri, ngati iye sanasonkheko kalikonse mu thankimo. Akasamba m'manja njala inkawagwira onse awiri, ndipo ankagula khofi ndi mabanzi a sinamoni. Mabanzi a Verna akagona ankalimba moti ukhoza kuponderera nawo tayala, koma munthu amene wangopepukidwa kumene saona cholakwa pa chilichonse.

Mavuto anabwera ndi Rollie Beaudry, wapampando wa khonsolo ya tauni. Rollie anali ndi sitolo m'mbali mwa msewu waukulu yogulitsa tizimbalangondo tosema, tomwe tinkabwera m'makatoni kuchokera kutsidya la nyanja. Orest atamwalira, Rollie anapitako kwa Verna atavala jekete yatsopano, maluwa ali m'manja. Verna anamufunsa ngati wabwera kudzataya kapena kudzathira. Nkhaniyo inazungulira tauni yonse, ndipo Rollie anaisunga mumtima.

Chaka china anapita ku msonkhano wa zokopa alendo ku Whitehorse, anabwerako mutu utatupa ndi mawu atsopano, ndipo anaitanitsa anthu onse ku holo.

"Anzanga," anatero, "mlendo akamalowa m'tauni mwathu muno, mawu oyamba kuwerenga ndi chimbudzi. Kodi ndife anthu kapena ntchentche?"

"Mawu oyamba ndi potayira, a Rollie," Verna anayankha ali kumbuyo. "Kuwerenga amayambira kumanzere."

"Mayi Lachance, pano tikukamba za nkhope ya tauni yathu."

"Nkhope yake ndi imeneyo. Mumayesa amaima kuti adzaone yanuyo?"

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, koma itafika nthawi yokweza manja anakwezera Rollie. Verna akanakhala munthu wina akanamuikira kumbuyo, koma mu holomo munalibe aliyense amene lilime la Verna silinamukandepo. Chikwangwani cha Orest chinazulidwa n'kukaponyedwa m'shedi ya khonsolo, ndipo pamalo pake panaima china chachikulu chobiriwira: MARTEN CROSSING, KHOMO LA CHIPULULU CHOSADETSEDWA.

Akamba atafika chaka chimenecho, anasowa kolowera. Mafoni sagwira kuno, ndipo msewu wakale sunkaoneka ukakhala pa watsopano. Zimagalimoto zija zinkangozungulira tauni pang'onopang'ono ngati nkhuku zofuna poikira. Ena ankagogoda kutchalitchi. Wina analowa kuchipatala n'kunong'oneza namwino Odile kuti wadzaza kuyambira dzana ndipo sakudziwa kuti atani, Odile n'kumugoneka pabedi n'kuyamba kumusinika pamimba. Olowa m'sitolo ya Rollie ankatuluka ndi kapepala kofotokoza kuwala kwamitundumitundu kooneka kumwamba usiku m'nyengo yozizira, komwe m'miyezi imeneyo sikuoneka n'komwe. Amwayi ankalozeredwa njira ndi anthu a m'tauni. Ena, manyazi atawalaka, ankakatsegula mobisa kumene amakumba miyala ya msewu. Posakhalitsa agalu onse a m'tauni ankabwerera kunyumba akusangalala kwambiri, eni ake n'kumawatsekera panja.

Odile anapita kwa Verna. "Anti, ingolembani pakatoni mukakhome pagalimoto yanu, muziimika kumsewu. Anthu adwala ndi ntchentchezi."

"Chikwangwani ndili nacho kale, mwanawe. Chili m'shedi ya khonsolo. Amene anazula akazike."

"Nanga mabanziwa mudya nokha?"

"Akhwangwala aliko."

Akhwangwalawo ankayamba aviika kaye mabanziwo m'chithaphwi kuti afewe.

Rollie analibe nthawi yomva za ntchentche. Anali atapeza thandizo la boma lomangira paki kutsogolo kwa sitolo yake: kapinga, mabenchi, ndi kadziwe kokhala ndi chinsomba cha simenti pakati, choti chizilavula madzi m'mwamba. Pansi pa kadziweko panali thanki, yomwe galimoto yamadzi inkadzaza kudzera pa paipi ya m'mbali mwa msewu, kuseri kwa zitsamba, yovundikira ndi chitsulo.

Tsiku lotsegulira, tauni yonse inasonkhana. Kunabwera mayi wina wamkulu woona zokopa alendo kuchokera ku Whitehorse, atavala chikhoti choyera. Verna sanaitanidwe, choncho anapita. Anaimika galimoto yake tsidya lina la msewu n'kutsamira pachitseko.

Ali pomwepo anaona chigalimoto cha akamba chikuima kuseri kwa zitsamba zija. Anali Delbert Hoskins wa ku Arizona, yemwe anali atazungulira tauniyo kuyambira m'mawa, mkazi wake Nadine atamuuza kuti asamulankhulenso mpaka atapeza dzenje. Delbert anatsika, anaona chivundikiro chachitsulo, ndipo nkhope yake inawala ngati waona mbale wake wotayika. Anavala magolovesi, anakoka paipi yake yamakwinya, n'kugwada.

Mawu a Verna amamveka kutsidya la mtsinje kukakhala mphepo. Kukuwa kamodzi kukanakwanira. Koma tsiku limenelo anaona kuti kukuwa pamaso pa alendo olemekezeka ndi mwano, ndiye ananyamuka wapansi, ndipo bondo lake, lomwe silinamuvutepo chibadwire, linayamba kuwawa. Anafika Delbert akupinda paipi.

"Mwamaliza, bambo?"

"Ndamaliza, mayi, yonse mpaka dontho. Mulungu adalitse tauni ino. Koma bwanji simuika chikwangwani?"

"Mukafunse avala tayi uko. Ngakhale kuti ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndaliza injini."

Uku Rollie anali akumaliza mawu ake onena za madzi oyera a kumpoto omwe makolo athu anatisiyira. Mayi wa ku Whitehorse anadula riboni, anadina batani, anthu n'kuwomba m'manja. Chinsomba chija chinatsokomola kawiri, chinageya, kenako chinalavula. Madzi ake sanali oyera, ndipo sanali madzi okha. Kamphepo kochokera kumtsinje kanawagawa mwachilungamo, kuyambira pa chikhoti choyera chija mpaka kwa makhansala onse a pabenchi yakutsogolo.

"Ndi dzimbiri chabe!" Rollie anakuwa, akupukuta magalasi ndi tayi. "Mapaipi atsopano amatero! Musachoke!"

Mkulu wina wosaka nyama, Ephrem, ananunkhiza mkono wa malaya ake mofatsa. "Rollie," anatero, "dzimbiri lakoli ladya nyemba ndi anyezi."

Anthu anabalalika ngati awathira njuchi. Palibe amene ankakumbuka pozimitsira, choncho chinsombacho chinapitiriza ntchito yake pa mabenchi opanda anthu. Verna anadutsa pafupi ndi Rollie, bondo litachira.

"Mumafuna alendo, a Rollie. Kamba amanyera amene wamtola."

Sabata isanathe Rollie anakazika yekha chikwangwani cha Orest, pansi penipeni pa chobiriwira chija, ndipo akamba anayambanso kundanda kuseri kwa shedi. Verna anauza nkhaniyo aliyense wogula khofi, akuyeseza kutsokomola kwa nsomba ndi mawu a Rollie omwe. Anaiuza mpaka anthu a m'tauni anayamba kukagula khofi kwina. Iye ankayesa kuti wapambana.

Koma Rollie, ngakhale anali chitsiru, anali chitsiru cha maso. Masana ambiri ankaimika galimoto pakaphiri paja n'kumaonerera akamba akutuluka kwa Verna atanyamula timatumba ta mabanzi osalumika, akumwetulira. Anazindikira chimene Orest anadziwa kalekale osauza munthu: munthu akapepukidwa amagula chilichonse. Chipale chofewa chitasungunuka chaka chotsatira, khonsolo inaphwanya chinsomba chija, inakulitsa thanki ya pansi pake, n'kuikapo potayira pa tauni: pamsewu waukulu penipeni, paulere, pakhomo pa sitolo ya Rollie. Chikwangwani chake chinali chowala ndi magetsi.

Verna anamupeza akuthirira maluwa m'mbali mwa dzenje latsopanolo.

"A Rollie, mwandibera manyi."

"Ndi chitukuko, mayi Lachance."

"Munkati si ndinu ntchentche."

"Munthu amakula," anatero Rollie, n'kuweramira duwa.

Kuyambira pamenepo akamba sakhotanso kumanja. Verna amagulitsa mafuta ndi khofi kwa oyendetsa mathiraki ndi okonza msewu, anthu amene sakhumudwa akatukwanidwa chifukwa amabweza. Mabanzi amaphika ochepa, ndipo akuti masiku ano amalumika. Pa chivundikiro cha Orest anaikapo tayala lakale n'kubzalamo anyezi, omwe amakula kuposa a wina aliyense m'tauni, ngakhale palibe amene amalandira akamupatsa. Akafunsidwa ngati akuwasowa akamba aja, amati wapuma, koma chigalimoto chikasochera n'kufika pakhomo pake amatuluka msanga kuposa mmene msinkhu wake umalolera.

Rollie walemera. Nyengo yonse ya alendo amaima pambali pa dzenje lake atavala magolovesi ofika m'zigongono, kugwirira nkhalamba mapaipi ndi kuzilozera ku tizimbalangondo. Chomwe chimamudya n'chimodzi. Tsiku lina Verna ali mu holo pa masewera a bingo anadzuka pakati pa masewerawo, mnzake n'kumufunsa kumene akupita.

"Ndikupita kwa Rollie," anatero, akulowera kuchimbudzi. "Ndisungire malo."

Mawuwo anagwira ngati moto wa m'nkhalango. Lero ku Marten Crossing mwana wa sukulu akapanikizika amakweza dzanja n'kupempha kupita kwa Rollie, ndipo Odile akamafunsa odwala m'mimba amati, "Mwapitako kangati kwa Rollie lero?" Oyendetsa mathiraki anawanyamula mawuwo mpaka ku malire. Rollie anakadandaula ku khonsolo kuti aletsedwe, makhansala anamvetsera mwaulemu, ndipo asanakweze manja, awiri mwa iwo anapempha kuti ayambe apitako kaye.