Madziwa akataya ndani?

Mdzukulu wanga anasewera mpira wolipidwa zaka khumi, ndipo zaka zonsezo ine ndinkasesa mapazi ake. Akangotuluka pakhomo pathu ku Canongola, mumzinda wa Tete, shuteira, nsapato zake za mpira, zili paphewa, ndinkatenga tsache n'kufufuta pomwe waponda mpaka kumsewu. Ndinaziona tili kothawa nkhondo ku Malawi: munthu akakutapa dothi la phazi, mwendo wako wauika m'thumba mwake. Anzake a timu ndinkawapatsa madzi akumwa, inde, koma nsapato zija palibe ndinamulola kuzikhudza.

Ndiye chaka chatha anangobwera masana, thupi lili bwinobwino, akuti mpira wasiya.

"Ndi bondo?"

"Bondo lili bwino, Agogo. Ambuye andiitana."

"Akuitana kudzera mwa yani? Munthuyo ndimudziwe."

Anangoseka. Ine mpaka lero sindikumvetsa. Kumpira adani ake ndinkawadziwa: khumi ndi mmodzi, ovala malaya a mtundu wina. Tsono kutchalitchi kwake ku Degue, kachisakasa ka malata, aliyense akuti "Abusa, Abusa," aliyense akumugwira dzanja. Ndiyang'ane uti?

Sabata la Pasaka anandipempha ndipiteko. Ndinamupeza atavula nsapato, atagwada padothi ndi beseni, akusambitsa anthu mapazi. Madalaivala a kumalire, amayi ogulitsa nsomba, mpaka bambo wina amene ankamutukwana kubwalo la mpira, ndinamuzindikira ine. Kenako mwanayo anadzutsa mutu.

"Amene anandilera ndi awo. Bwerani, Agogo."

Anthu onse cheu. Kukana kunali kumuchititsa manyazi pamaso pa mpingo wake, ubusa atangouyamba kumene. Kuvomera kunali kusiyira litsiro la mapazi anga khamu la anthu osadziwika kwawo.

Ndinapita, n'kumunong'oneza: "Madziwa akataya ndani?"

"Khalani pampando, Agogo."

"Iwe, ndati akataya ndani?"

"Amayi a kwaya."

"Ati? A duku lofiirawo? Maso awo sindikuwakonda."

"Agogo, chonde. Anthu akutiona."

Anandigwira chidendene. Munthu woti ankamenya penate bwalo lonse likumukuwiza, lero akuopa kankhalamba kake kuti kamukana. Ndinaviika phazi limodzi. Linalo ndinalibisa pansi pa mpando, koma analikoka yekha. Kwaya inayamba kuimba. Ndinasowa chochita, kaya ndilire, kaya ndiwerenge amene aima pafupi ndi beseni. Ndinayamba kuwerenga, koma nditafika pa wachitatu maso anachita chidima ndi misozi, ndipo amene ananyamula madziwo sindinamuone.

Tikubwerera anandifunsa ngati ndinamva mtendere. Ndinamuuza kuti ndinamva kuzizira kumapazi. Anati basi, n'chomwecho, mtendere umayamba choncho. Kaya. Sindinamutsutse, poti m'Tete motentha muno kuzizira si chinthu chaching'ono.