Njinga ya a Overstone Inalira Pabwalo la Ndege

A Overstone Mbingwani ankasoka nsapato m'kashedi kuseri kwa nyumba ya mlongo wawo Clotilda ku Clondalkin, dera lina la mzinda wa Dublin. Ntchitoyi anaiphunzirira pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo atafika ku Dublin anaiiwala dala, poti anali atalembedwa kufakitale yolongedza misomali. Chuma cha dziko chitagwa, fakitale inatsekedwa. Mwamwayi, nthawi yomweyo ndi imene azungu anakumbukira kuti nsapato ikang'ambika imasokedwa, choncho a Overstone sanagone ndi njala.

Miyendo yawo inapuwala ndi poliyo ali mwana. Ankayenda panjinga ya olumala, ndipo njingayo inalibe zogwirira kumbuyo. Anazidula okha ndi sowo. Ankati munthu akaona chogwirira manja amamuyabwa, umangozindikira wafika kumene sunafune kupita, wokukankhayo akudikira zikomo.

Tsiku limene anakwera ndege koyamba sankaliiwala. Njinga anawalanda atangolowa pabwalo. Pokwera, amuna awiri anawanyamula ngati thumba la feteleza, wina m'khwapa, wina m'mawondo. Buluku linayamba kutsika, nsapato imodzi inavuka n'kugubuduka masitepe onse, anthu akusuzumira m'mawindo. Kuchokera pamenepo ndege anailumbirira, moti ngakhale maliro a mayi awo anangowamvera pafoni.

Tsopano abale ku Ntcheu anali atamanga chiliza cha mayiwo, ndipo anafuna kuti mwana woyamba akakhalepo pochionetsa. A Overstone anali atamva kuti lamulo ku Ulaya linasintha: munthu waulumali amathandizidwa mwaulere pabwalo, ndipo njinga yake imakwera osalipira. Anaimbira kampani ya ndege, ndipo inawalonjeza kuti adzayenda panjinga yawoyawo mpaka pakhomo la ndege. Kunyamulidwa ayi.

Analakwa chinthu chimodzi. Nkhaniyi anaikamba pa tiyi, mapemphero atatha kutchalitchi kwawo ku Tyrrelstown. Pa zonse zimene ananena, anthu anatolapo chimodzi: njinga saiika pasikelo.

Wopita kumudzi sapita yekha. Amapita ndi kaphukusi ka aliyense, ndipo aliyense amati, "N'kakang'ono chabe." Sutikesi ya a Overstone inadzaza mpaka kuikhalira potseka, koma anthu ankafikabe, n'kumanong'onezana ndi Clotilda kukhitchini. Ulendo uli mawa, Clotilda anati, "Achimwene, kushoni ya panjinga yanu ija ndichape. Mukatichititsa manyazi kumudzi."

M'mawa mwake kushoni inabwerako yonenepa. A Overstone atakhalapo anaona pamwamba pa firiji, malo amene anali asanawaonepo chibwerereni. Atasuntha pang'ono, chinachake chinati nyii. Anathira mafuta m'mateyala.

Amene anawaperekeza anali Dominiko, mnzawo wa ku Chipata woyendetsa takisi.

"Ba Overstone, mwakula!" anatero Dominiko. "Mudya chani masiku ano?"

"Tiyeni, tichedwa," anatero Clotilda, akuyang'ana kumbali.

Pabwalo la ndege, mayi wa pakauntala anali waulemu. Analandira sutikesi, kenako anatuluka kudzamangirira kapepala kunjinga. Asanagwire anapempha kaye, ndipo a Overstone anagwedeza mutu mokhutira. Mayiyo anagwada, n'kutsamira dzanja pakona ya kushoni.

"Mamaa!" inatero kushoni.

Mayi uja anachotsa dzanja. Anayang'ana a Overstone. A Overstone anayang'ana Clotilda. Clotilda anali akuwerenga chikwangwani cholozera kuchimbudzi.

Mayi anadinanso.

"Mamaa!"

"Mudala, muli na pakati?" anafunsa Dominiko, misozi ya phwete ikutuluka.

Mayiyo anapapasa kushoni yonse, ndipo anapezamo chidendene cha nsapato ndi mlomo wa ketulo. Anaimirira n'kulankhula mofatsa. Anati njinga imakweradi mwaulere, koma sitolo ayi. Panali njira ziwiri. Akanatha kusiya njinga pomwepo ndi zonse zili m'katimo, ipite ngati katundu, iwo akhale pampando wa pabwalo wina awakankhe. Apo ayi, atulutse zonse, ayende okha monga anagwirizana.

Clotilda anawerama mpaka kukhutu kwawo.

"Achimwene, kukankhidwa kwake kuti? Apa ndi apo. Mungotsinzina. Muli za anthu umu, za mai busa zilimo. Ine ndikawayang'ana bwanji Lamulungu?"

A Overstone anaona mpando wa pabwalo utaimikidwa pafupi ndi khoma. Unali ndi zogwirira ziwiri zazikulu, ndi timateyala ting'onoting'ono toti mwini wake sangatifikire. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Alongo, munasoka ndi ulusi wanji?"

"Wa nsapato uja."

"Wanga?"

"Unali pafupi."

"Dominiko, bwera ndi kiyi wa galimoto."

Anagwira mateyala n'kudzikweza m'mwamba ndi mikono yawo, imene inali ngati ya wosula makasu, ndipo Dominiko anasolola kushoni n'kuyamba kuisomola ndi kiyi uja. Munatuluka majuzi, nsapato za akazi, ketulo, mapaketi a tiyi, makamisolo omangidwa pamodzi ngati anyezi, wigi, ndi chidole chovala diresi yofiira. Gogo wina wachizungu amene anali pamzere anafunsa ngati ketuloyo akugulitsa.

"Nanga siponji ya m'kati ili kuti?" anafunsa a Overstone, akadali m'malere.

"Ili kunyumba," anatero Clotilda. "Inkadya malo."

Mayi wa pakauntala anayang'ana chikwama cha kushoni chopanda kanthucho, kenako mikono ya a Overstone imene inayamba kunjenjemera. Anati munthu sangayende ulendo wonsewo pa chitsulo, kushoni iyenera kukhala ndi chinachake chofewa. Atatero anatembenuka n'kuyamba kufunafuna cholembera chimene chinali m'dzanja lake. Clotilda anabwezeramo majuzi msangamsanga, a mai busa poyamba. Ketulo a Overstone anaikana ndi diso lokha.

Potsanzikana, Clotilda anawakumbatira nthawi yaitali, chinthu chimene sankachita.

Anayenda okha njira yonse. Bambo wothandiza okwera ankayenda pambali pawo, manja akusowa powaika, mpaka anawapisa m'thumba. Pakhomo la ndege panali kampando kopapatiza kolowera m'kati, ndipo bamboyo anafunsa ngati angawagwire.

"Gwirani mpandowo," anatero a Overstone. "Ine ndidzigwira ndekha."

Anasamuka okha, buluku lili m'malo mwake, nsapato zonse ziwiri zili kuphazi. Atafika pampando wawo anakonza jekete, n'kutsamira kumbuyo ngati munthu amene walipira tikiti yake.

"Mamaa!" inatero jekete.

Wokhala nawo pafupi anatsitsa nyuzipepala. A Overstone anapisa dzanja m'thumba, anatulutsa chidole chija, n'kuchikhazika pamwendo.

"Nayenso akupita ku Ntcheu," anatero, n'kumanga lamba.