Mtsamiro Sutembenuka

Mundikhululukire, ine si mlembi, ndipo za chipatala ndimangozimvera kwa ena. Ngati pena ndaphonya mawu, mundikonze. Koma za bambo oyandikana nawo nyumba ndalephera kuzisunga mumtima.

Iwowa anapuma pa ntchito yokonza zipangizo za m'chipatala. Akazi awo atadwala anawaika kapaipi kotulutsira mkodzo, koma akatembenuka pabedi kankapindika, mkodzo n'kuima, ululu n'kuyamba. Bambowa anapanga kachopanira kogwira kapaipiko pantchafu kuti kasapindike. Boma linawapatsa chiphaso chotsimikiza kuti lusoli ndi lawo, koma chinafika mayi atatisiya kale. Chili pakhoma, ndipo palibe fakitale imene yabwera kudzafunsa.

Kachopanira kaja mpaka lero amakakonzabe. Amakonda kunena kuti, "Madzi alibe makani, amangofuna njira."

Tsiku lina ndinapita kukabwereka sipanala. Pabedi ndinapeza mtsamiro wovekedwa thalauza, kapaipi atakamata pamwendo wake, madzi a tiyi akutsika kuchokera m'botolo lopachikidwa pamsomali.

"Odwala anga ndi amenewa," anatero akuseka. "Sadandaula, koma vuto lawo satembenuka. Ndikagonapo ine, sindiona pomwe kakupindikira. Pamafunika wina wogona, wina woyang'ana."

"Nanga ana anu, bambo?"

"Amaimba foni, mwana wanga. Koma foni nayo sitembenuka."

Ndinatenga sipanala n'kutuluka, koma mtsamiro uja sunandichoke m'maso. Loweruka ndikagogoda nditavala kabudula, andimate kapaipi pamwendo. Ndidzatembenuka uku ndi uku mpaka atanena okha kuti basi.